Malita Bwera, Kwada

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Ife kuno ku Mtiya tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatsika m'phiri ngati chachita kutumidwa. Ndayamba kufunda bulangete lanu lija munkati ndi la alendo. Mundikhululukire, chipitireni inu alendowo sabweranso.

Ndiyambe ndi zabwino. Esitere, mwana wa azakhali, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo mphuno yanu ija yabwereranso padziko, yonse yathunthu. Chimanga tinakolola chokwanira, ngakhale anyani anatithandiza kukolola mbali ya kumtunda osawapempha. Nandolo wachita bwino. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja.

Koma sindinakhalire pansi kuti ndilembe za nandolo, Amayi. Ndi za nyimbo yanu.

Inu simungaiwale, koma ndilembabe, poti kuno anthu akunena zina. Tsiku lija munakwera phiri kukatola nkhuni, Yohane ali kumsana, mng'ono wanga Malita akukutsatirani ndi kamtolo kake. Ine ndinali kusukulu. Mutamanga mtolo wanu munatembenuka, Malita palibe. Anakam'peza tsiku linalo atamira m'madzi a Mulunguzi, omwewa amene amabwera m'mipopi yathu. Nyimbo inabadwa pamenepo: "Malita bwera, kwada, nkhuni ndamanga." Simunkaiyimba pamtondo kapena kutchalitchi. Munkaiyimba kamodzi pachaka, tsiku lolambula kumanda, pang'onopang'ono ngati munthu wotsika phiri ndi mtolo pamutu. Ulendo wina ndili wamng'ono ndinawomba m'manja. Munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Nyimbo ya misozi saiwombera m'manja." Sindinabwerezenso.

Titakuikani m'manda, Yohane anabwera maso ali ofiira. Mukudziwa mmene amaonekera akafuna kanthu, mutu pambali. Anati, "Achemwali, ndiloleni ndikaijambule nyimbo ya amayi, mawu awo asawole nawo limodzi. Sindisintha kanthu, ndithu Mulungu." Ndinavomera, ndipo ndinamuyimbiranso pomwe ankasokoneza.

Imene inatuluka kusitudiyoko ili ndi ng'oma zothamanga ngati munthu wathamangitsidwa ndi galu. Mawu ndi anu omwe, koma anthu akuvina. Ndiye kunali ngati kutsegula khola. Anyamata ena a kukoleji anaiyimbanso ndi magitala. Mayi wina woyimba zauzimu anaitenga, Malita n'kusanduka nkhosa yosochera. Ena a ku Blantyre anaikamo mawu achizungu pakati, ena anaiyimba m'Chiyao. Ili m'maminibasi, ili m'mabala, ili pazinkhoswe. Paukwati wina ku Malosa ndinaona akwati akulowa nayo m'holo, anthu akuluulutira. Pawailesi akuti palibe nyimbo ina imene oyimba aibwereza chotero masiku ano. Aliyense ali ndi Malita wake, Amayi, kupatula ife.

Zonsezo ndinkameza. Ndinkati mwina Yohane naye zam'pulumuka m'manja, ndipo tsiku lina adzaimirira n'kunena kuti mwini wake ndi ndani. Tsikulo linafika. Ndinali kuchapa panja, wailesi ya aneba ikulira, ndipo ndinamva mawu ake. Wofunsayo anati, "Tatiuzeni, Malita ameneyu ndi ndani?" Ndinasiya kuchapa, sopo ali m'manja, kudikira dzina lanu. Mwana wanu anaseka. Anati, "Aaa, kamtsikana kena kake, kanandithawa ndili kusekondale. Ndinaipeka usiku umodzi, mtima ukuwawa."

Amayi, ndakwiyapo m'moyo uno, koma izi zinali zina. Munthu amene anali kumsana kwanu pamene munkafuula dzina limenelo m'nkhalango, amene anaimva nyimboyo isanakhale nyimbo, ndi amene wasandutsa mchemwali wake chibwenzi. Ndipo inu sanakutchuleni ngakhale mwangozi.

Nditapita kwawo anandiuza kuti, "Achemwali, anthu safuna za maliro. Komanso nyimbo ikatuluka pakamwa si yakonso. Ine Malitayo sindimukumbuka n'komwe." Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiwola. Sichiwoladi, koma simunatiuze kuti fupalo limaima pakhosi.

Mwezi wathawu tinakalambula kumanda. Amuna analima n'kumapita, monga mwa nthawi zonse, ife akazi tinatsala kusesa. Nditafika pakamanda ka Malita ndinagwada pamene munkagwada inu, ndipo ndinayamba. Amayi, m'kamwa mwanga munatuluka yawo ija. Ndinayesa kuikoka kuti ichedwe, koma inkathamanga yokha. Atsikana amene ankasesa kumbuyo kwanga anayamba kugwedeza mapewa, wina anaphulika kuseka. Sindiwada, sadziwa kanthu. Ndinailekera panjira, manyazi ndi mkwiyo zitandigwira pamodzi. Nyimbo yanu anailanda mpaka m'mutu mwanga.

Ndi azakhali, mng'ono wanu, amene anandipulumutsa. Anayamba ndime yomaliza ija, imene munkaiyimba amuna atapita, tsache lili m'manja: "Madzi a pampopi ndimwa bwanji, poti anamwa mwana wanga." Imeneyo inatuluka mmene munkaiyimbira inu, yolemera, yosathamangika. Mapewa onse anaima. Ndime imeneyo Yohane sanaimvepo, chifukwa iye akalima mizere iwiri ankathamangira kumpira. Sanafunsepo ngakhale tsiku limodzi chifukwa chake munkadutsa mpopi wapakhomo n'kukatunga kumjigo, kutali konse kuja, mpaka miyendo itakukanikani.

Koma za kumanda sizikhala kumanda. Wina wakam'nong'oneza. Lamlungu lapitali anatulukira, mutu pambali, foni ataiika patebulo pakati pathu. Anati, "Achemwali, ndamva kuti pali ndime ina. Anthu atopa nayo yakaleyi, aliyense waiyimba. Tangondiyimbirani kamodzi, ulendo uno amayi ndiwatchula."

Ndinapita pampopi, ndinatunga madzi m'kapu yanu yachitsulo ija n'kum'patsa. Anamwa onse, anapukuta pakamwa, n'kuti, "Madzi a ku Zomba, kulibe ena." Ndinatenga kapuyo n'kum'perekeza mpaka pamsewu.

Ndikulonjezeni ichi, Amayi. Ndime imeneyo sidzalowa m'foni ya munthu ndili moyo. Mwana wa Esitere akadzakula n'kugwira tsache, adzaimvera kumanda komweko, amuna atapita, ndipo akadzawomba m'manja ndidzam'gwira dzanja.

Mundipatsire moni Malita. Mumuuze kuti akamva akumuitana m'mabala ndi m'maminibasi asatembenuke, si iyeyo. Ife tikadzamuitana adzadziwa, chifukwa tidzaitana pang'onopang'ono.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Agnesi