Kalata Imene Anasainira Bambo

Two Rivers, Wisconsin
3 Epulo, 2019

Okondedwa achemwali anga a Lorraine,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tucson, komanso kuti mawondo a bambo ayamba kumvako dzuwa chisamukireni kwanuko. Kuno kukuzizirabe, ndipo ine ndatopa, kutopa kosatha ndi tulo.

Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani. Lachiwiri likubwerali akampani adzazula chikwangwani chawo pa lesitilanti yanga. Ndakazinga nkhuku m'dzina lawo zaka khumi ndi zinayi, koma chondigwetsa ndi nsomba. Mukudziwa nokha kuti kwathu kuno Lachisanu palibe amene amayang'ana nkhuku, aliyense amafuna nsomba. Ndinatopa n'kuona mipando yopanda anthu, ndiye chaka chatha pa Lenti ndinayamba kukazinga nsomba monga ankachitira mayi, osasiyanso. Anthu ankadzaza mpaka pakhomo. Mmodzi mwa iwo anali kazitape wa kampani, ndipo anadya mbale ziwiri, wopanda manyazi.

Mgwirizano wathu umaletsa kugulitsa chakudya chimene iwo sanavomereze. Ndinkadziwa, sindikukana. Koma loya wanga, Mayi Halvorsen, anandiuza kuti lamulo la kuno silola kampani kungokuthamangitsa. Iyenera kukulembera kalata kutatsala miyezi itatu, n'kukupatsa iwiri yoti ukonze cholakwacho. Mtima unakhala pansi, ndinati ine kalata yotere sindinaionepo.

"Musasangalale msanga, mayi," anatero. "Pa mgwirizanowu munalemba keyala ya kuti?"

Ya kwa bambo. Nthawi imeneyo ndinali nditangosiyana ndi mwamuna wanga Duane, ndikugona m'chipinda chathu chakale chija, ndipo sindinakumbukenso zoisintha. Loyayo anandionetsa kapepala ka kupositi: kalata inafika pa 9 Januwale, bambo n'kusainira. Miyezi iwiri ija inatha ine ndikukazinga nsomba, osadziwa kanthu.

"Njira ndi imodzi," anatero loyayo. "Dokotala alembe kuti bambo anu mutu sukugwiranso, choncho kusaina kwawo kulibe ntchito, kenako tipite nawo kwa mkhalapakati ku Atlanta, kumene mgwirizano umati milandu izikambidwira. Maloya a kampani akawapanikiza ndi mafunso. Lero n'lachingati, mwadya chiyani m'mawa, akazi anu anali ndani."

"Ndiye akalephera kuyankha, ife tawina?"

"Mwina. Koma alephere anthu akuona."

Achemwali, taganizani. Bambo athu, munthu amene anagawa makalata m'tauni muno zaka makumi atatu, chipale chofewa ndi mvula zili pamutu, n'kumanyadira kuti sanatayepo ngakhale imodzi.

Loweruka ndinapita kunyumba kwawo kukalongedza katundu wotsala, poti ogula nyumba akufulumira. Kalatayo ndinaipeza m'chitini cha mabisiketi chija, pamodzi ndi khadi langa la ubatizo ndi masatifiketi anga a kusukulu. Inali yosatsegula. Kuseri kwake bambo analembapo kuti: "Ya Marcella. Yofunika. Ndimupatse ndekha." Ndinakhala pansi pakhitchini paja n'kulira. Ndinkafuna kukwiya, koma ndinasowa womukwiyira.

Lolemba ndinawauza Mayi Halvorsen kuti za ku Atlanta azisiye. Anandikumbutsa kuti mgwirizano ukundiletsa kutsegula malo ena odyera pafupi pano kwa zaka ziwiri. Ndinati ndamva. Antchito anga asanu ndi mmodzi ndawauza dzulo. Yolanda, amene ndinayamba naye tsiku loyamba, anangovula epuloni n'kunena kuti, "Basi, Lachisanu lino tikazinge nsomba zonse, atichotsenso kawiri ngati angathe."

Tsono pempho langa ndi ili. Kodi kachipinda ka kuseri kwa galaja kali ndi munthu? Ndingabwere mu Meyi, ndizikuthandizani kusamala bambo. Ndipo chonde, nkhaniyi isawafike m'khutu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Ray ndi ana. Bambo muwagwire dzanja m'malo mwanga. Likakhala tsiku loti akukumbuka dzina langa, muwauze kuti kalata ija ndailandira, inafika bwinobwino.

Ndine mng'ono wanu,
Marcella