Munda wa Pamwamba pa Kasupe

Mphunzi, Dedza
Meyi, 1973

Okondedwa achimwene aRafaelo,

Muli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija chinaleka? Kuno tilipo, kungoti chisanu chayamba msanga. Bulangete munatumiza lija amayi salichotsa pathupi, ngakhale masana.

Achimwene, ndalemba za munda wa pamwamba pa kasupe. Munati tidzalemo kabichi, ndipo chaka chatha tinadzaladi. Anakongola, osanama. Ine ndi alamu anu aStefano tinkathira feteleza ndi kupopera mankhwala a mbozi.

Kenaka inagwa mvula yamphamvu, madzi a m'munda onse n'kutsetserekera m'kasupe. M'mawa mwake tinapeza mbululu zitafa, zili yandeyande. Sabata yomweyo Dorika wanga anatsekula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati. Ndinamubereka kupita kuchipatala, ndikupemphera Korona njira yonse. Kaya anali madziwo kaya ayi, sindidziwa, koma namwino anafunsa kumene timatunga.

Anachira. Pano akuthamanga, ndipo akuti amalume amubweretsere nsapato zofiira.

Amayi anatiitana nati iwo anakulira madzi a kasupeyo, ndipo safuna kuti adzukulu awo aziwaopa. Anati tibwerere ku mbewu zosapempha kanthu. Choncho dzinja lathali tinadzala mawere, nyemba ndi mbatata m'mizere yopingasa. Kumunsi tinasiya udzu ndi kudzala nthochi kuti zigwire dothi. Ena anatiseka kuti tabwerera m'mbuyo. AStefano nawonso anang'ung'udza, koma dzulo ndinawapeza ataotcha mbatata n'kudya okha, osandisiyira ndi imodzi yomwe.

Tinachita zimenezi musanavomere, ndipo n'zimene zikuwasowetsa mtendere amayi. Inu ndinu mwini mbumba, ndipo tikudziwa kuti munkatifunira zabwino. Chonde, achimwene, lolani kuti mundawu ukhale choncho. Kabichi wanu tidzadzala kudimba la kumunsi, kutali ndi kumene anthu amatunga. Amayi akuti sakumba mizere ya chaka chino mpaka amve mawu anu, ndiye musachedwe kuyankha.

Mukawaona aEzara a m'mudzi muno kumgodiko muwauze kuti akazi awo achira bwino, mwana wamwamuna. Mulungu akusungeni pansipo, akubwezeni kwa ife muli wamoyo.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Filomena