Dzanja la Aleida ndi Mabotolo Atatu

Leiden, 12 Januwale 1750

Okondedwa achimwene anga a Reinier,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, alamu anga ndi ana onse ku Alkmaar. Nanga chifuwa chija chinakusiyani? Ndinamva kuti mukukhosomolabe, koma kumsika wa tchizi simujomba. Inu ndi tchizi adzakulekanitsani ndi manda basi. Ife kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo. Chonde kalatayi muiwerenge mutakhala pansi, osati chiimirire pakhomo monga muchitira.

Nkhani ndi ya mwana wanga Aleida. Mukudziwa kuti dzanja lake lamanja linafa chidwalireni matenda aja ali wamng'ono, ndipo limangolendewera. Bambo ake akufuna kulidzutsa ndi moto wa m'botolo. Ine ndikuopa kuti podzutsa dzanjalo andiphera mwana.

Ndiyambe poyambira, poti inu zakunozi simuzidziwa. Amuna anga, alamu anu a Diederik, kusinja mankhwala m'sitolo sikunawakwanire, ndiye analowa kagulu ka abambo kamene kamakumana Lachinayi lililonse masana kwa a Hoogendijk, aja ogulitsa nsalu. Anagula buku lalikulu ngati Baibulo la paguwa, lolembedwa ndi mphunzitsi wina wa pasukulu yaikulu, ndipo wina analichotsa m'Chilatini kuti ngakhale ife tiwerenge. Limaphunzitsa chifukwa chimene zinthu zimagwera pansi, kulemera kwa mpweya, ndi mmene kuwala kumayendera. Zithunzi zake zimatambasuka ngati nsalu ya patebulo.

Lamulo la kaguluko ndi limodzi, ndipo analitenga patsamba loyamba la bukulo: usakhulupirire chimene sunachiyese ndi manja ako. Choncho satsegula mutu wina asanayese zonse za m'mutu umene ali. Poyamba ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Madoda ndi mimba zawo kugwada pansi n'kumagubuduza timipira pathabwa, abusa a mpingo wathu atagwira wotchi, nkhope zili gwa ngati ali pamaliro! Ndinkawauza a Diederik kuti akamaliza kusewera abwere adzadye, supu wa nsawawa sadikira anzeru.

Komatu sindinama, zina zinandigwira mtima. Anavindikira belu ndi chigalasi n'kupopa mpweya wonse kuutulutsa, belu n'kumagwedezeka ine ndikuona, koma kuli zii. Tsiku lina anabwera ndi kagalasi ka ngodya zitatu, n'kumwaza mitundu ya utawaleza pakhoma la kukhitchini, Aleida n'kumaithamangitsa ndi dzanja lake lamoyo lija. Bukulo ndinayamba kuliwerenga nanenso iwo akagona masana. Si buku labodza, achimwene, ndipo n'chifukwa chake likundiopsa.

Chisanu chitayamba anafika pa mutu womaliza, wa moto uja. Pali chigudumu chimene munthu amapukusa, ndipo chimazunguza mpira wagalasi. Wina amaika chikhatho chouma pampirapo, kenaka mphamvu ina yosaoneka imayenda m'tcheni n'kukalowa m'botolo la madzi, n'kukhala momwemo phee. Ukagwira botololo ndi dzanja lina, lina n'kukhudza waya wake, imakumenya m'mafupa ngati wapondedwa ndi hatchi.

A Diederik anayamba kuyesa okha. Anabwera kunyumba magazi akutuluka m'mphuno koma akuseka ngati mwana, akuti mayi a Aleida, lero ndagwirana chanza ndi mphenzi. Ndinawayankha kuti mphenziyo akaikwatire, izikawachapira malaya amagaziwo.

Kumapeto kwa mutuwo kuli kandime kakafupi, konena kuti kudziko lina munthu wa mkono wakufa anayamba kuugwiritsanso ntchito atamenyedwa ndi moto umenewu kangapo. Mizere yake ndi yowerengeka, koma alamu anu anaiwerenga mpaka pepala kuda ndi zala. Akatero ankayang'ana mwana. Ine ndinadziwiratu kumene tikupita.

Pano pali mawu amene akundivuta kulemba. Sanandikakamize ayi, ndinavomera ndekha kuti motowo auyese pa Aleida. Ndipo tsiku loyambalo, chigudumu chija ndinapukusa ndine, chifukwa ndinkati manja a mayi sangapitirire muyeso. Anam'manga tcheni pachigongono, waya n'kumukhudzitsa pamkono. Kunangomveka kuti thwa! Mwana anakuwa, ndipo dzanja lakufa lija linafumbata pamaso pathu tonse. Abusa anagwetsa wotchi yawo.

M'mawa mwake tikudya buledi, Aleida anandiitana motsitsa mawu, akuti amayi taonani. Chala chake chamkombaphala chinkagwedezeka patebulo, pang'onopang'ono, iye mwini akuchilamula. Achimwene, ndinalira. Bambo ake anagwada n'kupsompsona kachalako, ndipo sitolo sinatsegulidwe mpaka dzuwa litakwera.

Ulendo wachiwiri analumikiza mabotolo awiri, poti buku limati mphamvu imakula mabotolo akachuluka. Ulendo umenewo mwana sanakuwe. Anangoti lende pampando, maso atatembenuka, milomo itatuwa. Ndinaika tsaya langa pakamwa pake, mpweya panalibe. Ndinam'gwedeza, ndinam'tchula dzina, ndinaitana amayi athu amene ali kumanda, abambo onse aja ataima kukamwa kuli yasa. Sindidziwa kuti inatha nthawi yaitali bwanji. Kenaka anakoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'ngalande, n'kusanza pamwendo panga.

Tsono choipa n'chakuti patapita masiku, chala chachikulu nacho chinayamba kugwedezeka. Zala ziwirizo zatsala pang'ono kukumana.

A Hoogendijk basi mutu unawazungulira. Akuti nkhani imeneyi ailembera mwini buku, ndipo likadzasindikizidwanso, dzina la kagulu kawo lidzakhalamo, pamodzi ndi chithunzi cha dzanja la mwana wanga. Akuti kwatsala kulumikiza mabotolo atatu pamodzi, dzanja lonse lidzuke. Ine ndinawakumbutsa lamulo lawo lomwe. Ndinati paja simukhulupirira chimene simunayese, ndiye mabotolo atatuwo yambani mwayesa pa tambala.

Anabweretsa tambala wonenepa, wamphamvu zake. Thwa kamodzi, tambala miyendo m'mwamba, osaphupha n'komwe. A Hoogendijk anayesa kuseka, akuti chabwino amayi, ndiwo zamadzulo zapezeka. Ndinawauza kuti akafuna ndiwo zina aikepo mdzukulu wawo, ali ndi manja awiri oyesera. Kuyambira tsiku limenelo akandiona pamlatho amatembenukira kumadzi.

Kunyumba tinakangana koopsa, ife amene sitinatukwananepo chikwatiranireni. A Diederik akuti tambala anamenyedwa pamutu, pamene mwana moto udzangodutsa kuchokera pachigongono kufika pamkono, sudzayandikira mtima. Ndinawafunsa kuti nanga wa mabotolo awiri uja anauuza ndani njira yakumtima? Anati pamenepo tcheni chinamasuka, ulendo uno adzamanga bwino. Ndinati buku lanulo linaberekapo mwana? Iwo anamenya tebulo, akuti iwe Machteld, ife tikadzafa adzam'sunga ndani? Adzam'kwatira ndani, adzam'lemba ntchito ndani? Ukufuna adzakhale pakhomo la tchalitchi atatambasula dzanja lotsalalo? Atatero anakhala pansi n'kuyamba kulira.

Musawade alamu anu, achimwene. Mabotolo atatuwo anawayesanso pathupi pawo, ndipo anagwera pakabati n'kung'ambika pachipumi. Mpaka lero dzanja lawo limanjenjemera akamayeza ufa wa mankhwala pasikelo. Akuti poti iwo sanafe, mwana sangafe. Aiwala kuti iwo ndi chimunthu chodzaza khomo, pamene Aleida ndimamunyamula ndi mkono umodzi.

Chimene chinandivuta koposa ndi mwana mwiniwakeyo. Anatimva tikukangana, anatsika masitepe n'kudzaima pakati pathu. Akuti amayi musalire, zimangopweteka kanthawi kochepa, ine ndikufuna. Akuti akufuna azimanga yekha zingwe za chipewa chake, anzake asiye kum'tcha kamphika ka khutu limodzi. Ndimuyankhe chiyani mwana wotere?

Ndinapita kwa abusa, kuiwala kuti ndi omwe aja ogwira wotchi. Akuti Mulungu anaika mphamvu zimenezi m'chilengedwe kuti tizifufuze, ndiponso mutu wa banja ndi mwamuna. Ndinathokoza n'kutuluka.

Chimene chatisunga mpaka lero ndi nyengo. Makinawo amadana ndi chinyezi. Kukakhala nkhungu, mungapukuse chigudumu mpaka thukuta kamukamu, botolo silitola kanthu. Chipitireni Khirisimasi kwakhala kuli nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo Lachinayi lililonse a Diederik amabwerako nkhope itagwa. Leiden yense akudandaula kuti zovala sizikuuma, ine ndekha ndi amene ndakhala ndikupempherera chinyezi.

Kuyambira dzulo mphepo yatembenuka, ikuchokera kum'mawa, youma ndi yozizira. Kumwamba kwayera mbee, ndipo mphaka wathu ndikam'sisita ubweya wake ukuthetheka. M'mawa uno ndinawaona alamu anu akugogoda kagalasi kawo koyezera nyengo, n'kunena chapansipansi kuti Lachinayi lino. Apukuta kale mabotolo atatu aja n'kuwaika pafupi ndi mbaula kuti aume.

Chisanu chomwechi chimene chikudzutsa makinawo ndi chimene chitseke ngalande. M'mphepete madzi ayamba kale kuundana. Ndafunsa mwini bwato la ku Haarlem, akuti lero ndi mawa ayenda, akuswa ayezi ndi mtengo, koma mkuja hatchi yake yokoka bwatolo ikhala m'khola mpaka chisanu chitatha. Ngalande ikatsekeka mwana ali kuno, ndilibenso kothawira naye.

Ndiye ndachita chinthu. Kalatayi ikukwera bwato la lero. Mawa m'mawa, bambo ake ali kotenga katundu wa m'sitolo, ndim'kweza Aleida pamodzi ndi mayi Jacomina, amasiye oyandikana nafe aja, amene akupita kwa mwana wawo ku Haarlem. Iwo adzakhala naye kunyumba ya mwana wawoyo, kuseri kwa msika wa nsomba, mpaka inu mutafika. Siyani tchizi, achimwene, bwerekani ngolo mukam'tenge. Ndinu amalume ake, ndipo ndilibe wina.

Mwanayo ndam'namiza. Ndamuuza kuti akukaona asuweni ake ndipo abwerako Lachinayi lisanafike, apo ayi sakanalola kukwera. Akadzazindikira adzalira, mwina adzandida. Musandiikire kumbuyo, muuzeni kuti ndine ndinakonza zonse. Muzim'thira mafuta pachilonda chimene waya uja anasiya pamkono, ndipo muzimulola agwire supuni ndi zala ziwiri zija ngakhale atayire chakudya pansi.

Ine nditsala kuno. Alamu anu akadzabwera masana n'kufunsa kuti mwana ali kuti, ndidzawayang'ana m'maso n'kuwauza. Sindikudziwa ngati banja lathu lipirire zimenezi. Ndikudziwa kuti adzabwera kwanu, pansi kapena pahatchi, bukulo lili m'khwapa. Alandireni bwino, apatseni chakudya, koma musatsutsane nawo, chifukwa adzakutambasulirani zithunzi zija n'kukufotokozerani mpaka inuyo mudzayamba kugwedeza mutu. Mungowauza kuti mwana satuluka.

Pempho langa lomaliza ndi lolemera kuposa onsewa. Ine sindikudziwa ngati ndikulondola. Mwina mabotolo atatuwo akanadzutsadi dzanja lake, ndipo ndam'landa ndine. Ndikatseka maso ndimaona milomo yotuwa ija, koma ndimaonanso kachala kaja kakuyenda patebulo, ndipo pali masiku amene kachalako kamapambana. Ndimadzidziwa, achimwene. Ndinapukusapo kale chigudumu, ndipo munthu amene ndimagona naye nyumba imodzi ndimam'konda.

Choncho likadzafika tsiku lakuti ndabwera pakhomo panu ine mwini, nditagwirana mkono ndi a Diederik, n'kukuuzani kuti ndaganiza bwino, tipatseni mwana wathu, musadzandipatse. Ngakhale ndigwade, ngakhale ndikutukwaneni kuti mwandibera mwana, mudzatseke chitseko. Amene mudzamumvere ndi uyu akulemba lero, osati amene adzabwereyo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwapepese chifukwa chowawonjezera pakamwa pena m'nyengo yovuta ino. Moni kwa ana onse, ndi kwa azakhali ngati makutu awo akumvabe. Mulungu akusungeni panjira, akupatseni mphamvu pachifuwa chanucho, ndipo asunge mpweya wa mwana wanga m'nyumba mwanu.

Ndine mlongo wanu,
Machteld