Akuti amayi akapanda kusintha voti, ntchito yanga yatha

Aphungu,

Pepani kuti ndikukuvutitsani. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndiye ndikalakwitsa penapake mundikhululukire.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Nuaija, kuno ku Doha. Amayi anga kumudzi ndi wapampando wa amayi m'chipani, ndipo asankhidwa kukavota ku konvenshoni yosankha woimira chipanicho pa upulezidenti. Pamsonkhano wa kudera kwathu anthu anagwirizana za munthu mmodzi. Amayi anaimirira, atavala nsalu ya nkhope yake, n'kulonjeza kuti akamuvotera.

Vuto ndi a Nasibu, amene anandipezera ntchito ino. Iwo ali mbali ya wopikisana ndi munthu uja. Ananditumizira voisi noti yakuti: "Iwe mtsikana, uwauze amayi ako avotere wathu, ajambule pepalalo pafoni anditumizire. Apo ayi ndiimbira madamu ako, khalasi, zathera pomwepo, ukwera ndege."

Amayi sindinawauze. Akaimba ndimangoti ndili bize. Foni ya madamu ikalira ndimasiya zonse n'kutchera khutu, moti dzulo ndinawotcha abaya yawo, mkanjo wakuda uja, ndikusita.

Kodi delegeti amakakamizidwa kuvotera amene analonjeza? Ngati sakakamizidwa, ndiwapemphe asinthe? Nanga zikadziwika, adzayenda bwanji pakati pa amayi anzawo amene anawatuma? Konvenshoni yayandikira, chonde ndiyankheni msanga.

E.M., Doha

Mwanawe E.M.,

Usapepese, kalata yako yamveka bwino.

Ngati pali lamulo lowamanga, lili m'malamulo a chipanicho. Amayi akafunse mlembi wachipani kuderako. Voti ikakhala yachinsinsi, palibe angawagwire dzanja. Komabe sakupita m'dzina lawo okha, atumidwa. Atasintha maganizo chifukwa chakuti aona cholakwika mwa munthuyo, akanayenera kuwauza owatumawo asananyamuke. Koma kusintha chifukwa mwana wawo waopsezedwa? Ayi, usawapemphe zimenezo.

Waimbire amayi lero, uwauze zonse. Kuwabisira ndi kumene kukuwotchetsa zovala za eni.

Ukatero, tenga kontirakiti yako uone ngati muli dzina la a Nasibu. Kupezera munthu ntchito si kumulemba ntchito. Madamu uwafotokozere wekha a Nasibu asanaimbe, upepesenso za abaya ija. Voisi notiyo usafufute. A Nasibu akapitiriza kukuopseza, ukawamvetse voisi notiyo a ku ofesi ya kazembe wa Malawi.

Chenjezo langa ndi ili: amayi asajambule pepala lovotera. Chithunzi chimenecho chikangofika m'manja mwa a Nasibu, chisankho chilichonse adzakuimbiranso, ndipo nthawi imeneyo adzakhala ndi choopsezera amayi akonso.

Aphungu