Nkhafi Yaifupi

Lachitatu, 23 Julayi. Tórshavn, likulu la zilumba zathu.

Chifunga tsiku lonse, ndege sizinatere. Bondo lakumanja layambanso kubaya. Msonkhano wa chipani wautali, za ziii. Aliyense akufuna kudzayenda pambali panga pa mdipiti wa Ólavsøka, chikondwerero cha dziko lathu, kuti aoneke pa kanema.

A bungwe la mipikisano andipempha kuti Lolemba ndidzapereke chikho kwa atsikana opambana pa mpikisano wa maboti. Akuti, "Ndinu mtsogoleri wa chipani, ndinu nduna, komanso munapalasapo." Ndavomera msangamsanga ngati mwana. Chikho chomwecho tinachitengapo ife a pachilumba cha kwathu, Skarvoy, m'boti lathu lofiira, Brimdís, tsitsi langa lisanachite imvi.

Ndamuimbira Jóngerð, mnzanga wa pautsikana wa kumudzi. Sanayankhe. Chiyambire Meyi sayankha.

Lachinayi, 24 Julayi.

Mwendo wa nkhosa wouma ndi mphepo, umene Jóngerð amanditumizira chaka chilichonse Ólavsøka isanafike, sunabwere. Ndagula wa m'sitolo. Mtengo wake wochititsa manyazi, kukoma kwake ngati chikopa cha nsapato.

Ndilembe pano, poti palibe wondidula mawu. Mu Meyi anzathu a m'boma anati tisankhe: sukulu zing'onozing'ono za m'zilumba zitsekedwe, apo ayi boma ligwe, ndipo ntchito yomanga msewu wa pansi pa nyanja igwere limodzi. Msewuwo uthandiza anthu zikwi. Sukulu ya kwathu inali ndi ana asanu. Ndinakweza dzanja. Wina akanatani?

Koma atatu mwa anawo ndi adzukulu a Jóngerð. Jóngerð amene ndinkakhala naye thabwa limodzi m'boti, iye kumanzere, ine kumanja, matuza athu akuphulika tsiku limodzi. Titakumana padoko voti itachitika anati, "Iwe Oddvør, m'boti tinkapalasa titafulatira kumene tikupita chifukwa panali wotionera njira. Nanga ukoko akukuonera ndani?" Ndinamuyankha zamwano. Pakamwa panga sipachedwa.

Loweruka, 26 Julayi.

Ndaimbira malume Sjúrður, amene ankagwira chiwongolero chathu. Makutu atha, liwu lilipobe lonse. Ndawafunsa ngati Brimdís lipikisane chaka chino. Akuti, "Boti likubwera, mwana wanga, ulionanso." Basi n'kuyamba za nkhosa zawo zimene zakana kutsika m'phiri.

Mtima mbee. Ngati boti likubwera ndiye kuti Jóngerð abwera nalo, ndipo pagulu sangandithawe. Ndatulutsa juzi langa lofiira la kale m'bokosi. Lakanira m'mapewa. Ndaseka ndekha m'chipinda, koyamba chilowereni chilimwe.

Lolemba, 28 Julayi.

Ndikanangodwala.

Padoko anthu yakaliyakali, mvula yowaza. Ndinafufuza boti lofiira, panalibe. Patsogolo panali la buluu la a ku Tangavík, dzina lina, utoto watsopano. Koma ndinaona mmene likupendekera pang'ono kumanja likamathamanga. Litafika pafupi ndinaona chigamba cha kumphuno, chimene bambo anga anakhoma titagunda mwala. Utoto sunabise misomali yawo.

Brimdís. Analigulitsa.

Linapambana, ngati kale. Ine chikho m'manja, mano panja, makamera ali ng'aning'ani. Mtsikana wina wa m'botimo, wosadziwa kanthu, anati, "Boti labwino ili, mayi. Tinaligula kwa anthu a pachilumba china, akuti kumeneko anthu atha."

Jóngerð ndinamupeza kuseri kwa mosungira nsomba, ali yekha, juzi lofiira lili pathupi. Iye limamukwanabe. Ndinayamba ndi mkwiyo, chizolowezi changa. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati, "Mwana wanga Lív ndi ana ake akusamukira ku Denmark sabata yamawa. Banja la ana ena awiri aja linapita kale. Boti lija kuti likwere m'shedi mwake pamafunika mudzi wonse, ukudziwa iwe. Tatsala nkhalamba zokhazokha. Umafuna tilisiye pamiyala kuti mafunde a Disembala alitafune?"

Ndinati akanandiuza. Anati, "Iwe unatiuza?"

Pa mapepala onse amene ndinawerenga mu Meyi panalibe polemba kuti ana akachoka makolo atsatira, makolo akachoka boti lisowa olikoka. Koma ine ndinkafunikira pepala? Ndinayamba kukoka nawo chingwe cha botilo ndisanayambe sukulu.

Lachiwiri, 29 Julayi.

Mdipiti, tchalitchi, kutsegula Nyumba ya Malamulo. Chovala cha makolo chikufinya m'nthiti, nsapato zikuluma. M'mawu anga munali mzere wakuti palibe mudzi umene udzasiyidwe m'mbuyo. Ndinaudumpha. Palibe anazindikira, anaomba m'manja chimodzimodzi.

Pakhonde ndinamukoka mkono mkulu wa chipani chinzathu, ndati nkhani ya sukulu ibwererenso. Anandiyang'ana ngati ndaledzera masanasana. Akuti, "Mayi, mutsegulira ndani? Anawo analembetsa kale kwina." Sananame. N'chimene chandipweteka kwambiri. Madzi akatayika saoleka.

Madzulo anthu akuvina atagwirana manja m'misewu. Sindinatuluke.

Lamlungu, 3 Ogasiti. Skarvoy.

Ku ofesi ndinanena kuti ndi bondo. Pa sitima yobwera kuno ndinali ndekha, ine ndi matumba a chakudya cha nkhosa.

Palibe wandinyoza. Bola akanatero. Onse akuti, "Mwafika, a nduna," anthu amene ankandikuwira kuti Oddvør wa kwa Jákup, tsika pa denga la eni. Nyumba ya mayi ikununkha chinyontho, denga la udzu likufuna munthu. Ndalama zake sindikudziwa zichokera kuti.

Shedi ya boti ili pululu, chitseko chili chotsegula. Mitengo yogudubuzirapo boti ili ndandanda pansi ngati ikudikira. Malume Sjúrður anali pakhomo pake ndi ndodo yawo. Akuti, "Sindinakunamize, ndinati ulionanso." Ndinalephera kuwakalipira.

Madzulo Jóngerð anabwera ndi nkhafi paphewa. Yanga, imene bambo anaifupikitsa chifukwa mikono yanga ndi yaifupi. Chogwirira chinada ndi thukuta langa. Anaitsamiritsa pakhoma osalowa m'nyumba. Akuti, "Ogula sanaifune, akuti singamukwane munthu. Ukaipachike ku ofesi, alendo azikaona." Atafika pa mpanda anatembenuka. "Sitima inyamuka mawa m'mawa. Katundu wa Lív ndi wambiri. Ngati msanawo sunasanduke wa pampando."

Lolemba, 4 Ogasiti.

Ndinapita. Mabedi a ana, njinga, makina ochapira. Lív sanandilankhule, ndipo sindimuda.

Chomaliza linali bokosi lalikulu la matabwa, losatheka munthu mmodzi. Jóngerð kumanzere, ine kumanja, palibe anauza mnzake. Anati, "Koka!" ngati kale, ndipo linanyamuka. Njira yonse yotsetsereka mpaka padoko mapazi athu ankagwa pamodzi, pamiyala yoterera, osapunthwa ngakhale kamodzi. Bondo silinanene kanthu. Sitinayendepo bwino chonchi chisiyireni kupalasa, ndipo tinali kutsitsa adzukulu ake kuti achoke.

Titalitula anati, "Umakokabe bwino," maso ali kunyanja.

Sitima yapita. Ndinayenera kukwera, mawa kuli msonkhano wa nduna. Lamya yalira kangapo, ili m'thumba la jekete. Pachilumba chonse palibe liwu la mwana, nkhosa zokha. Nkhafi ikadali pakhoma pamene anaisiya. Jóngerð wayatsa moto, utsi ndikuuona pawindo. Sanandiitane. Nsapato ndavala kale, koma zimene ndikanene ndikafika pakhomo pake sindikuzidziwa. Ndikupita basi.