Oyilo Akwere Kaye

Okondedwa achimwene,

Landirani moni. Kuno ku Mangochi tili bwino, ndipo mayi athu chifuwa chija chinawasiya.

Ananditumiza ku Katuli ndi lole yathu ya asilikali kukatenga azimayi ovina kumsonkhano wa chipani. Ndinagona komweko, m'mawa kunazizira. Nditaliza injini ndinaisiya ilire pang'onopang'ono, poti oyilo amakhala atatsikira pansi, ndipo ukaponda moto asanakwere, zitsulo zimadyana zouma.

Atcheya a chipani anakalipa: "Adalaivala, mukuchedwetsa mbumba dala! Ndikakunenezani."

Ndinati, "Pepani bwana, oyilo akwere kaye." Ndinadikira ndithu mpaka oyilo atakwera.

Anakandinenezadi, mawa ndikayankha kwa akuluakulu. Mantha ndili nawo, koma injini imene anandipatsa sindiipha ndi phazi langa.

Mundipempherere, ndipo mayi musawauze. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu.