Ukwati wa Rozita ku nyumba ya mzungu

Mwana wanga Fernando,

Moni kwa iwe ndi apongozi anga ku Beirako. Kuno ku Tsangano tili bwino, kupatula bondo langali.

Dzulo ndinakaona nyumba yakale ya mzungu ija, yomwe pano ndi hotela ya misonkhano, kumene mwana wako Rozita akufuna kuchitira ukwati. Njokongola ndithu, sindikana. Koma jerenti wake, woyang'anira hoteloyo, akuti wopanda konviti, kalata yoitanira ku ukwati, adzabwezedwa pachipata, poti mipando njochepa.

Ndinamufunsa kuti, "Bambo, amayi amene ankamubereka Rozita kumbuyo adzabwerere pachipata chifukwa cha pepala?" Anangoseka.

Umuuze mdzukulu wangayo kuti ndimamukonda, koma mudzi ukadzatsala kunja, nanenso ndidzakhala kunja komweko. Bwalo la kapinga ndi lalikulu, ndipo mphasa ndidzabweretsa ndine.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako,
Zakariya